Dzina Limodzi, Mbalame Zambiri: Ndemanga pa Kulumikiza Mayina a Mbalame ndi Achilatini

Buku la The Birds of Zambia, limene Dowsett, Aspinwall ndi Dowsett-Lemaire anatulutsa mu 2008, likufotokoza mitundu ya mbalame yoposa 700 ndi madera omwe imapezeka. Sitikutsutsa luso lake. Nkhawa yathu ili pa ife aphunzitsi ndi olemba mabuku otanthauzira mawu, amene timatola dzina lachilatini m'mabuku otere ndi kulimata pa dzina lachinyanja ngati kuti awiriwa ndi mapasa.

Pena zimatheka. Nkhanga ndi Numida meleagris, nantchengwa ndi Scopus umbretta. Koma mwana wa ku Kacholola, pa msewu wa Great East pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Nyimba, akanena kuti kadzidzi walira usiku, satchula mtundu umodzi. Dzinali likukumbatira mitundu ingapo, ndipo lanyamulanso mantha a maliro, zimene Chilatini sichisunga. Chimodzimodzinso njiwa ndi mpheta. Mphunzitsi wokakamiza dzina limodzi pa mtundu umodzi amachepetsa tanthauzo la liwu, kenaka n'kulephereza mwana amene wayankha zoona. Tionjezere kuti ana ambiri kumeneko amalankhula Chinsenga kunyumba, choncho dzina la m'buku la kusukulu likhoza kusiyana ndi la agogo awo.

Ena amati dzina lachilatini ndilo lokhazikika. Izi n'zoona pang'ono chabe. Dongosolo la mayina awiri pa zinyama linayambira pa buku la Linnaeus la mu 1758, koma mayinawo amasinthidwa kafukufuku akapita patsogolo. Nkhwali zina zomwe mabuku akale ankaziika m'gulu la Francolinus tsopano zili mu Pternistis. Ngakhale nkhwazi, yomwe ili pa mbendera ya Zambia, yachotsedwa ndi akatswiri ena mu Haliaeetus. Nthawi yonseyi mawu akuti nkhwali ndi nkhwazi sanagwedezeke.

Sitinganenenso kuti mayina a sayansi alibe mbiri ya eni ake. Nang'omba amatchedwa Bucorvus leadbeateri pokumbukira Benjamin Leadbeater, wogulitsa zikopa za mbalame ku London. Za kulira kwake konga ng'oma m'bandakucha dzinalo silinena kanthu.

Tikupempha kuti wolemba mtanthauziramawu asonyeze ngati liwu likuimira mtundu umodzi kapena gulu, atchule dera kumene analimva, ndipo aike dzina lachilatini pokhapokha mbalameyo itaonedwa pamodzi ndi amene anaitchula.