Dokotala akamameza mapiritsi pa kanema

Dr Gregory House safuna madzi. Amatsegula kabotolo ndi chala chachikulu, kuponya mapiritsi opha ululu a Vicodin m'kamwa ngati mtedza wokazinga, n'kumeza. Hugh Laurie anasewera munthu ameneyu kuyambira 2004 mpaka 2012 mu sewero la House, ndipo ankamusewera mokoma moti woonera amaiwala kuti akuona munthu wodwala.

Chinyengo cha sewerolo chagona pomwepa. Olemba anamangirira piritsi ku nzeru: House akameza, nthenda imene yazunguza madokotala onse amaitulukira. Mu 2009 anamugoneka m'chipatala cha matenda a maganizo cha Mayfield, akunjenjemera, thukuta kamukamu, ndipo gawo limenelo linali logwira mtima. Koma pofika 2011 anali atabwerera ku kabotolo kake, mpaka kukagumula nyumba ya bwana wake Cuddy ndi galimoto. Zikuoneka kuti House wochira ankawasowetsa chonena olembawo.

Sewero la ER linaleza mtima. Mu 2000 John Carter, amene ankamusewera Noah Wyle, anabayidwa ndi mpeni ndi wodwala. Ululu unamuzoloweretsa mankhwala, ndipo mnzake wapantchito Abby Lockhart anamupezerera akudzibaya fentanyl wotsala mu jakisoni. Anzake anamukhazika pansi, Dr Benton n'kumuperekeza ku Atlanta kukalandira thandizo. Umenewo ndiye mnofu, ndipo wolemba aliyense amaukonda. Luso lenileni linaoneka pa fupa: Carter atabwerera kuntchito ankamuyeza mkodzo, ankapita kumisonkhano ya anzake osiya mankhwala, anzake apantchito akumuyang'ana cham'mbali. Tsiku lina anameza mapiritsi awiri n'kuthamangira kuchimbudzi kukawasanza. Woonera anaona kuti kuchira n'kutola khobwe, tsiku ndi tsiku.

Mu sewero la The Pitt, la 2025, Wyle yemweyo ndiye mkulu wotsegula kabati ya Dr Langdon, kupezamo mapiritsi obedwa, n'kumuthamangitsa. Ntchito inapitirira, chifukwa madokotala ena analipo.

Apa ndi pamene munthu woonera pa foni ali ku Fort Lister amapukusa mutu. Pampata umenewu, pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi pomwe Angerezi anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya akapolo, wodwala amanyamulidwa pa kabaza kutsetserekera ku Phalombe. Pachipatala chaching'ono chakumudzi amene amatchedwa "adokotala" nthawi zambiri amakhala clinical officer kapena medical assistant, mwinanso mmodzi yekha. Masewero a ku America amangoganiza kuti dokotala akachoka miyezi itatu, pali wina wolowa m'malo. Kuno akapita ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu, mzere wa amayi okhala pabenchi atsala nawo ndani?

Wolemba masewero wa ku Malawi ali ndi nkhani yoposa ya House ngati angaifune, ndipo safunika Vicodin. Botolo la kachasu kuseri kwa nyumba ya ogwira ntchito likukwana. Apo ayi kabati ya pethidine yokhoma, buku losainamo, ndi nesi amene waona kuti chiwerengero sichikugwirizana. Kiyi ali nayo m'thumba la yunifolomu. Akudziwa kuti akakanena ku Medical Council of Malawi mnzakeyo akhoza kuimitsidwa, ndipo panja pali mayi woyembekezera amene wangotsika pa njinga.