Nyerere, Linthumbu ndi Mdzodzo: Vuto la Mayina m'Mabuku a Sayansi

Alembi ena a mabuku a sayansi ali ndi chizolowezi chotcha kachilombo kalikonse koyenda pamzere kuti "nyerere", ndipo chiswe amachitcha "nyerere zoyera". Kutereku nkusaukitsa chinenero. Mwana wa kumapiri a Dowa kapena wa m'mbali mwa nkhalango ya Ntchisi amayamba sukulu akudziwa kale linthumbu, mdzodzo ndi chiswe. Buku likasokoneza mayinawa limamulanda nzeru zimene adabwera nazo kuchokera kumudzi.

Mayinawa sadangoperekedwa chisawawa, pakuti matupi a tizilomboti ndi osiyana. Taonani tantchito, tija topanda mapiko timene timatuluka kukasaka chakudya. Ta linthumbu ndi tofiirira, tilibe maso, ndipo timasiyana misinkhu. Tokulirapo tili ndi mitu ikuluikulu ndi zibwano zangati zikwakwa. Ta mdzodzo ndi takuda, tili ndi maso ndi mbola. Mitundu iwiriyi ndi yapachibale: chiuno chake ndi choning'a, tinyanga take ndi topindika ngati chigongono. Chiswe chilibe chiuno choning'a, tinyanga take ndi towongoka, ndipo chibale chake chili kwa mphemvu.

Choncho mawu akuti "nyerere" angathe kuimira banja lonse, linthumbu ndi mdzodzo zomwe, malinga mlembi atchule dzina la mtundu pamene akufotokoza maonekedwe ake. Koma mawu akuti "nyerere zoyera" akonzi awachotse m'zolembedwa, chifukwa amaphunzitsa ana zabodza.