Kodi Salva Adapulumuka Cifukwa ca Kupirira Kokha?

Abale ndi alongo amene mutsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba, pali buku lina la ana limene lawerengedwa kwambiri m'masukulu a ku America, ndipo nkhani yake ifanana ndi zimene ambiri a ife tidaziona ndi maso. Dzina lake ndi A Long Walk to Water, ndiye kuti ulendo wautali wotsata madzi. Adalilemba m'Cingerezi ndi mayi Linda Sue Park, ndipo lidatuluka m'caka ca 2010. Ndifuna kuti tione pamodzi zimene owerenga akhala akunena za bukuli, cifukwa pali phunziro limodzi limene ambiri amatolamo, ndipo ife tisalilandire tisanaliyese.

Zimene zili m'bukuli

Bukuli lili ndi mitu 18, ndipo m'mutu uliwonse muli nkhani ziwiri zoyendera limodzi. Yoyamba ndi ya Nya, mtsikana wa zaka 11 wa mtundu wa Nuer, wokhala kum'mwera kwa Sudan m'caka ca 2008. Nya ndi munthu wongopeka, koma moyo wake ndi wa atsikana enieni a kumeneko. Nchito yake ndi imodzi basi, kutunga madzi. Apita kudziwe kawiri pa tsiku, popanda nsapato, ndipo maulendo awiriwo amtengera maola 8. Sukulu saidziwa. Madzi amene abwera nawo ndi amatope, ndipo mng'ono wake Akeer adwala nawo m'mimba.

Nkhani yaciwiri ndi ya munthu weniweni, Salva Dut, wa mtundu wa Dinka. Nkhondo ya pakati pa boma la ku Khartoum ndi anthu a kum'mwera idayamba mu 1983 ndi kutha mu 2005, itapha anthu pafupifupi 2 miliyoni. Mu 1985 mfuti zidalira Salva ali m'kalasi, ali ndi zaka 11, ndipo aphunzitsi adauza ana kuti athawire kuthengo, asabwerere kumudzi. Adayenda pansi mpaka ku Ethiopia, kumene adakhala zaka 6 pamsasa wa othawa nkhondo. Mu 1991 boma la Ethiopia litagwa, asilikali adathamangitsa othawawo ndi kuwakankhira mumtsinje wa Gilo. Salva adaoloka, ndipo pambuyo pake adatsogolera anyamata ngati 1,500 ulendo wa caka ndi theka mpaka ku Kenya. Adafika ndi anyamata opitirira pang'ono 1,200. Adakhala kumisasa ya Kakuma ndi Ifo, ndipo mu 1996 banja lina la mumzinda wa Rochester ku America lidamlandira. Patapita zaka adamva kuti bambo ake ali moyo, ali m'cipatala ku Sudan, akudwala cifukwa ca kumwa madzi oipa. Pamenepo ndi pamene adayambitsa nchito yokumba zitsime za mijigo, mu 2003. Bungwe lake lero lichedwa Water for South Sudan. Nkhani ziwirizi zikumana pa mapeto, pamene makina a Salva atulutsa madzi m'mudzi wa Nya.

Zimene owerenga amanena

Owerenga ambiri a bukuli ndi ana a zaka zofanana ndi za Salva ndi Nya, okhala m'nyumba zimene madzi amatuluka pampope. Mau awo tingawaike m'magulu atatu.

Ena amati bukuli lawacititsa manyazi. Sadadziwe kuti pali mwana amene tsiku lake lonse limathera pa ndowa imodzi kapena ziwiri, ndipo alonjeza kuti sadzaseweranso ndi madzi. Ena sathera pa cisoni, amacitapo kanthu. Masukulu ambiri asonkha ndalama ndi kuzitumiza ku bungwe la Salva, ndipo zitsime zenizeni zakumbidwa ndi ndalama za ana. Ici tisacipeputse. Mabuku amene adasanduka madzi akumwa ndi owerengeka.

Gulu lacitatu ndilo lalikulu, ndipo aphunzitsi amalikonda. Awa amati phunziro la bukuli ndi kupirira. Malo amene amawakumbukira kwambiri ndi a m'cipululu ca Akobo. Salva mapazi adavulala, adalira, mphamvu zidatha. Bambo ake aang'ono, a Jewiir, sadamuuze za kutalika kwa ulendo ai. Adamloza zitsamba zili poteropo, namuuza kuti angofika pamenepo. Atafika, adamloza mwala wina patsogolo, kenaka mtengo wina, mpaka dzuwa lidalowa. Nzeru imeneyi Salva adaisunga moyo wake wonse, ndipo m'kalata yake ya kumapeto kwa buku iye mwini alimbikitsa ana kuti asamataye mtima. Motero owerenga atseka buku akunena kuti: wopirira amafika.

Kodi bukuli likunenadi zimenezi?

Kuti pang'onopang'ono ndi mtolo, palibe angatsutse. Inu nomwe mumaphunzitsa motero. Simuonetsa gogo wa zaka 60 tsamba lonse la buku, mumamuonetsa cilembo cimodzi. Koma tikawerenga bukuli modekha, tipeza kuti ilo lomwe likutsutsana ndi phunziro lofulumiralo.

Taonani amene adatsala m'njira. Salva adali ndi bwenzi lake Marial, mnyamata wa msinkhu wake. Adayenda mtunda womwewo, njala yomweyo, ndipo usiku wina mkango udamtenga ali m'tulo. Kodi Marial adacepa kupirira? A Jewiir, eni ake a nzeru ija, munthu wamphamvu amene ankasakira gulu lonse nyama, adamangidwa pamtengo ndi acifwamba ndi kuomberedwa Salva akuona. Pamtsinje wa Gilo, mnyamata wina wamantha adagwira Salva m'khosi ndi kummiza m'madzi. Salva atavuuka adapeza kuti mnyamatayo wafa ndi cipolopolo. Kumizidwa kuja ndiko kudambisa Salva ku mfuti. Tsiku limenelo kudafa anthu osacepera 1,000, ena ndi zipolopolo, ena ndi ng'ona, ena kukokoloka ndi madzi. Nanga anyamata ngati 300 aja amene sadafike ku Kenya, tinene kuti adali aulesi?

Taonaninso manja amene adamnyamula. Mayi wina wokalamba adamsunga masiku angapo ndi kumpatsa mtedza. Mnyamata wina wa mtundu wina, dzina lake Buksa, adatsata kambalame kolondolera uci, ndipo gulu lonse lidadya. M'cipululu adapeza amuna atagwa ndi ludzu. Mwamuna wina wa m'gulu adati kuwapatsa madzi ndi kutaya, koma amayi adanyowetsa nsalu ndi madzi awo ocepawo ndi kuika pamilomo ya ogwawo, ndipo ena adadzuka. Ku Ifo, munthu wina wa ku Ireland wogwira nchito yothandiza othawa nkhondo adapatula nthawi yake kumphunzitsa Salva kuwerenga Cingerezi. Apa atsogoleri a makalasi imani pang'ono: cimodzi mwa zimene zidatsegulira mnyamatayu njira ndi munthu amene adakhala naye pansi ndi kumuonetsa zilembo.

Ndipo umboni waukulu ndi Nya. Palibe wopirira m'buku lonseli woposa mtsikanayu. Ayenda maola 8 lero, mawa maola 8, caka cino ndi caka camawa, ndipo kupirira kwakeko sikusintha kanthu. Dziwe silisendera pafupi cifukwa iye walimba mtima. Cimene cidasintha moyo wake ndi makina okumbira, ndalama zogulira makinawo, ndi anthu a m'mudzi amene adalambula malo ndi kuswa miyala. Madzi adali pansi pa mapazi ake nthawi yonseyo.

Tsono bukuli likuti Salva adapirira, n'zoona. Koma likutinso adathandizidwa, ndipo kangapo konse imfa idangomphonya osati cifukwa ca nzeru zake. Owerenga akumbukira coyambaco ndi kuiwala ziwiri zinazo, cifukwa coyambaco ndico cosavuta kulemba pabolodi.

Cifukwa cake nkhaniyi itikhudza

Kwa mwana wa ku Rochester kulakwitsa kumeneku n'kocepa. Kwa ife si kocepa. Nkhondo ya m'dziko lathu idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo pa nthawiyo anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni adali atathawira ku Malawi. Ocokera ku Angónia ndi Tsangano adadzaza midzi ya ku Dedza ndi Ntcheu, ena adali m'misasa ya ku Nsanje ndi Mwanza. Cilala ca 1992 cidawapeza ali konko, ndipo cidapezanso amene adatsala kuno. Ambiri a ophunzira anu acikulire sadziwa kuwerenga cifukwa zaka zawo za sukulu zidathera m'njira, monga momwe zidayambira kwa Salva.

M'kalasi mwanu mungakhale mayi amene adanyamuka ndi ana anai, nafika ndi awiri. Mukamaliza kufotokoza nkhani ya Salva ndi mau akuti wopirira amafika, iye adzamva ciani? Adzamva kuti ana ake aja sadapirire, kapena kuti iye sadawalimbitse mokwanira. Sadzakutsutsani pagulu. Adzangokhala cete, ndipo sabata yamawa malo ake pabenchi adzakhala opanda munthu. Phunziro lokoma kwa wina ndi ciweruzo kwa mnzake.

Pamene bukuli licita bwino, ndi pamene liperewera

Mayi Park adalemba ndi ziganizo zazifupi ndi mau osavuta. Sakongoletsa imfa, ndipo saionjezera kuti aopseze ana. Makolo ena amati nkhani za mkango ndi mfuti n'zoopsa kwa mwana wa zaka 10, koma ine ndiona kuti wolembayo adadziletsa bwino. Sadabisenso zocititsa manyazi. Gulu loyamba lidamthawa Salva ali m'tulo cifukwa mwana acedwetsa ulendo. Mayi wokalamba uja, dziwe lake litaphwa, adamsiya yekha. A Jewiir atafa, anthu omwe ankadya nyama yawo adayamba kummana Salva cakudya. Aliyense amene adathawapo adziwa kuti zotere zimacitika, ndipo buku limene lizichula liyenera ulemu.

Koma liperewera pa zinthu zitatu. Coyamba, zaka za pamsasa lizidutsa mothamanga. Ulendo wa miyezi udya mitu yambiri, pamene zaka 6 za ku Ethiopia zitha m'masamba ocepa. Amene adakhalapo pamsasa adziwa kuti ulendo wautali koposa ndi wa kudikira: mzere wa ufa, khadi la cakudya, kukangana ndi eni dziko cifukwa ca nkhuni, ndi kusadziwa ngati abale ali moyo. Kudikira sikukoma m'nthano, koma ndiko kudali moyo wa othawa.

Caciwiri, atsikana othawa saoneka. Mwa acinyamata a ku Sudan pafupifupi 3,800 amene adatengedwa kupita ku America ca mu 2001, atsikana sadafike ndi 100 omwe. Ambiri adali ataikidwa m'mabanja a ena pamsasa, ndipo maina awo sadalowe m'kaundula wa ana amasiye. Nya nayenso apatsidwa mizere yocepa pa ciyambi ca mutu uliwonse, ndipo za mumtima mwake timva pang'ono.

Cacitatu ndi mapeto. Nya adabwa kumva kuti womkumbira citsime ndi wa mtundu wa Dinka, adani a mtundu wake, ndipo apita kukamthokoza. Owerenga ambiri amagwetsa misozi pamenepa, makamaka pokumbukira kuti amene adapha a Jewiir adali a mtundu wa Nuer. Ndi mapeto abwino, ndipo zimene Salva adacita n'zazikulu. Koma South Sudan atalandira ufulu pa 9 Julayi 2011, nkhondo ina idabuka mu Disembala 2013, ndipo a Dinka ndi a Nuer adaphana kwambiri. Wolemba sakadadziwa zimenezi mu 2010, koma ife owerenga lero tizidziwa. Citsime cicepetsa mkangano wa madzi. Sicithetsa mkangano wa akuluakulu olimbirana mpando.

Momwe tingaligwiritsire nchito

Mtsogoleri wodziwa Cingerezi angathe kuwerenga mutu umodzi kunyumba ndi kudzaufotokoza m'Cinyanja. Pofotokoza, musafunse kuti, kodi taphunzirapo ciani pa kulimba mtima kwa Salva? Funsani mafunso onga awa:

1. Ndani adathandiza Salva m'mutu uno, ndipo iye adatayapo ciani pomthandiza?
2. Ndani adatsala m'njira, ndipo dzina lake ndani?
3. Kodi wolemba wasiya ciani cimene munthu wothawa nkhondo akadacichula?
4. M'mudzi mwathu atunga madzi ndani, ndipo ulendo wake utenga nthawi yotani?

Pambuyo pake apatseni ophunzira mpata wolemba, aliyense monga angathere. Wongoyamba kumene alembe dzina limodzi, la munthu amene adampatsa madzi kapena malo ogona. Wodziwa pang'ono alembe maina a midzi ndi mitsinje imene adadutsa, motsatana. Wosafuna kulankhula za nthawi imeneyo musamkakamize, alembe za citsime ca kwawo. Mapepalawo muwasunge bwino, cifukwa amene adathawa ali akuluakulu tsopano akalamba, ndipo njira zambiri zimene adayenda sizidalembedwe paliponse.

Nkhani ya Salva idadziwika dziko lonse cifukwa adakhala mumzinda umodzi ndi munthu wodziwa kulemba mabuku, amene adakhala pansi ndi kumumvera. Ya Marial tiidziwa cifukwa Salva sadaiwale dzina lake. M'makalasi mwathu muli anthu osunga maina ambiri otere, ndipo pensulo ili kale m'manja mwawo.