Mnyamata Sakhala "Boy" Nthawi Zonse

Pali chizolowezi chimene chazika mizu pakati pa omasulira nkhani ndi aphunzitsi ena a Chingerezi. Akaona "mnyamata" amalemba "boy", akaona "mtsikana" amalemba "girl", osayamba afunsa zaka za munthu amene akunenedwayo. Gwero lake ndi mindandanda ya mawu ya m'makalasi oyambirira, m'mene liwu lililonse limapatsidwa linzake limodzi lokha.

Zilankhulo ziwirizi sizipima msinkhu ndi muyeso umodzi. M'Chichewa mwamuna wa zaka 28 amene sanakwatire angathe kutchedwa mnyamata popanda wodandaula, ndipo mawu monga "buthu" ndi "namwali" amanena za kukula kwa thupi ndi mwambo, osati zaka. Chingerezi chimawerenga zaka. "Boy" ndi "girl" kwenikweni ndi ana. "Teenager" ndi wa zaka 13 mpaka 19, popeza manambala amenewa ndiwo amathera ndi "-teen". "Adolescent" ndi liwu la m'malipoti, ndipo bungwe la WHO limaligwiritsa ntchito ponena za a zaka 10 mpaka 19. Amene wafika zaka 18 amuyenera mawu akuti "young man" kapena "young woman".

Liwu lakuti "youth" nalonso limasokoneza. Bungwe la United Nations limati awa ndi anthu a zaka 15 mpaka 24, pamene pangano la achinyamata a mu Africa la 2006 limafikitsa malire pa zaka 35. Komanso "a youth", ponena za munthu mmodzi, kawirikawiri ndi wamwamuna. Choncho "achinyamata" amasuliridwe kuti "young people", kuopera kusiya atsikana kunja.

Kulakwitsa mawuwa kumapweteka pawiri. Kutchula munthu wamkulu kuti "boy" n'kutosa chilonda cha nthawi ya atsamunda, pamene bambo wa imvi zake, wogwira ntchito m'nyumba ya mzungu, ankaitanidwa ndi liwu lomweli. Chimodzimodzi "girl" amachepsa mayi wodziimira payekha.

Choopsa koposa ndi kukweza mwana msinkhu. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko la Malawi amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Womasulira amene alemba "young woman" ponena za namwali wa zaka 14 wokwatiwitsidwa, wabisa mlandu, pakuti wowerenga Chingerezi adzaona mkazi wamkulu pamene pali mwana wofunika kutetezedwa. Pamenepa liwu loyenera ndi "girl" kapena "child".

Ndi bwino tsono kuti akonzi asamalole kumasulira kwa liwu ndi liwu pa nkhani ya msinkhu. Zaka zikadziwika zilembedwe, ndipo liwu lisankhidwe potsata zakazo. Aphunzitsi nawo aphunzitse mawu onsewa pamodzi, lililonse ndi malire ake, kuti ophunzira adziwe kuti "mnyamata" wa m'Chichewa ali ndi mayina angapo m'Chingerezi.