Bafa la Dalí ndi Amayi Amene Ankasunga Makiyi

M'mwezi wa Malichi 1939, anthu oyenda mumsewu wa Fifth Avenue ku New York anangomva galasi kuti phwaa, bafa n'kutulukira pawindo la sitolo ya Bonwit Teller, madzi khuthu panjira. Kumbuyo kwa bafalo kunali Salvador Dalí, katswiri wojambula wa ku Spain uja. Asitolo anamupatsa ganyu yokongoletsa mawindo awiri, iye n'kuikamo bafa loyalidwa ubweya wakuda wa nkhosa, pambali pake chidole chachikazi chosavala mokwanira. Makasitomala atadandaula, antchito anasintha zina ndi zina osamuuza mwini ntchito. Dalí atafika n'kuona, mtima unamuwira, anakankha bafalo, ndipo linapitirira mpaka kuswa galasi. Apolisi anamunjata tsiku lomwelo.

Nkhani imeneyi anthu okonda zakale za New York amaikamba mpaka lero, ndipo imakoma nthawi zonse. Pali inzake. Ina ndi ya Andy Warhol, amene asanatchuke ankadya za kujambula nsapato za kampani ya I. Miller. Ina ndi ya Donald Trump, amene mu 1980 anagwetsa nyumba ya Bonwit Teller kuti amangepo Trump Tower, antchito ake n'kuphwanya ziboliboli ziwiri za akazi zomwe zinali pakhoma, chonsecho a Metropolitan Museum ankayembekeza kuti awapatsa. Nkhani zonsezi n'za amuna. Koma funsani wokambayo kuti tsiku la bafa lija bwana wa sitoloyo anali ndani, muona akukanda mutu. Anali mayi, dzina lawo Hortense Odlum.

Apa ndiye pagona buku la Julie Satow, When Women Ran Fifth Avenue, lomwe linatuluka mu 2024 ku kampani ya Doubleday. Mayi Satow ndi mtolankhani, ndipo analembapo kale buku lina lokhudza hotela ya Plaza mumzinda womwewo. Ulendo uno atenga masitolo atatu akuluakulu a zovala omwe onse anatsekedwa, Bonwit Teller, Lord & Taylor ndi Henri Bendel, n'kufunsa kuti kukoma kumene anthu amakulira kuja anakupanga ndani. Amene timakumbukira Kandodo tikudziwa mmene munthu amaiwalira funso limeneli: umakumbuka fungo la pakhomo ndi nsapato yomwe unaisirira pawindo, ngati kuti zonsezo zinkangomera zokha.

Mwa atatuwa, amene wandikhalitsa pansi ndi Mayi Odlum. Amuna awo, a Floyd Odlum, anali mmodzi mwa anthu ochepa amene anagulitsa masheya awo ambiri msika usanagwe mu 1929, ndiye pamene anzawo ankalira iwo anali ndi ndalama m'manja, akutola makampani odwala pamtengo wozizira. Bonwit Teller inali imodzi mwa zotolazo. Anapempha akazi awo kuti akaione n'kunena chomwe chavuta. Mayiwa anali asanagwirepo ntchito yolipidwa, koma kugula ankakudziwa, ndipo mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Anaona zimene kasitomala aliyense ankaona koma mabwana osaziona: mkati mwamdima, zovala zosakopa, ogulitsa ankhope zamasaka. Anawalitsa sitolo, anaika zipewa pamalo oonekera, anayamba kuitana makasitomala kuti adye nawo n'kumva madandaulo awo. Panyengo ya Khirisimasi anatsegula chipinda cha amuna okhaokha chotchedwa 721 Club, potengera nambala ya nyumbayo, kuti bambo wosadziwa ngakhale saizi ya mkazi wake akhale pansi, amwe kanthu, ena am'sankhire mphatso. Mu 1934 anakhala pulezidenti wa sitoloyo, malonda n'kukwera pamene dziko lonse linali pa umphawi.

Mlembi waulesi akanathera pomwepa, ife n'kuwomba m'manja. Mayi Satow sanatero. Nthawi yomwe a Hortense ankadzutsa sitolo, a Floyd anali atagwa kale m'chikondi ndi Jacqueline Cochran, mtsikana wokonza tsitsi mu saluni ya Saks Fifth Avenue, sitolo yopikisana nayo mumsewu womwewo. Banja linatha mu 1935, chaka chotsatira a Floyd anakwatira Cochran, yemwe anadzakhala woyendetsa ndege wotchuka. Ndiye munthu umadzifunsa: sitolo ija inali mphatso, kapena chinali chidole chopatsa mwana kuti asaone mayi ake akutuluka? A Hortense anatula pansi udindo mu 1940, ndipo m'malo monyadira zimene anachita, anayamba kulankhula ngati munthu amene ntchito inamulanda nyumba, namalangiza akazi anzawo kuti asasiye pakhomo. Mlembi sanawadzudzule, sanawapakenso mafuta. Wangowasiya momwe analili, munthu amene anachita bwino pa chinthu chimene sanachifune. Gawo limeneli ndinaliwerenga kawiri.

Dorothy Shaver ndi wosiyana kwambiri. Iwowa ntchito ankaifuna, ndipo anailowera pakhomo laling'ono. Anachokera ku Arkansas ndi mng'ono wawo Elsie, amene ankasoka tizidole tansalu totchedwa Little Shavers. Elsie ankasoka, Dorothy ankatsatsa, ndipo tizidoleto ndi timene tinawafikitsa ku Lord & Taylor, kumene mkulu wake, Samuel Reyburn, anali wachibale. Mu 1921 anayamba ntchito m'dipatimenti yozonda mitengo ya masitolo ena, ntchito yoyenda ngati wogula koma uli kazitape. Pofika 1945 anali pulezidenti, malipiro awo madola 110,000 pachaka, ochuluka kuposa amene mkazi wina aliyense ankadziwika kuti amalandira ku America, komabe ochepa poyerekeza ndi amuna a maudindo ofanana.

Chimene Mayi Shaver anasintha chimafunika kufotokoza pang'ono, chifukwa lero n'chovuta kuchikhulupirira. Masiku amenewo sitayilo inkachokera ku Paris basi. Masitolo a ku America ankatumiza anthu kukaonerera zionetsero za kumeneko, ena akujambula mobisa, matelala a ku New York n'kusoka zofanizira. Dzina la telala wa ku America silinkalembedwa pa diresi, poopa kuti wogula akadziwa kuti n'chakonkuno achipeputsa. (Matenda amenewa ndi akale, ndipo alibe dziko.) Mu 1932 Mayi Shaver anayamba kutsatsa okonza zovala a ku America powatchula mayina, mmodzi mwa oyamba ali Elizabeth Hawes, amene iyenso anayambira kukopera madiresi ku Paris. Pambuyo pake anakweza Claire McCardell, wa zovala zopepuka zoti mkazi agwire nazo ntchito, akwere basi, aphike. Pamene asilikali a Germany analanda Paris mu 1940 n'kutseka mpopi wa masitayilo, sitolo ya Mayi Shaver inali itakumba kale chitsime chake. Apa Mayi Satow alemba bwino kwambiri, chifukwa akuonetsa kuti sunali mwayi. Panapita zaka zisanu ndi zitatu mayiwa akulimbikira chinthu chimene anzawo a malonda ankachiona ngati chibwana.

Komabe a Dorothy amakhala patali ndi wowerenga. Sanakwatiwe, anakhala ndi Elsie mpaka imfa yawo mu 1959, ndipo zamumtima ankazitsekera. Timaona zochita zawo, duwa lofiira lomwe analisandutsa chizindikiro cha sitolo, nthambi zotsegulidwa kunja kwa mzinda, koma munthuyo sititha kumugwira dzanja. Mwina si vuto la mlembi. Pali anthu ena amene amapita ndi makiyi a chipinda chawo.

Wachitatu ndi Geraldine Stutz, mtsikana wa ku Chicago amene anayambira ku magazini ya Glamour kulemba za nsapato, n'kudutsa ku I. Miller komwe Warhol ankajambula kuja. Mu 1957, ali ndi zaka 33, anapatsidwa Henri Bendel, sitolo yomwe inkataya ndalama. Pano ndiyenera kutsina mutu wa bukuli pang'ono: nthawi yonse ya Mayi Stutz, Bendel sinali mu Fifth Avenue, inali pa nambala 10 West 57th Street, pokhotera chabe. Inasamukira mumsewu waukuluwo iwo atachoka kale. Zing'onozing'ono, koma buku la zakale za mumzinda limawerengedwa ndi anthu okonda zing'onozing'ono zomwezo.

Nzeru yawo yaikulu inali kugawa chipinda chapansi kukhala timashopu ting'onoting'ono m'mbali mwa kanjira, kena ka zikwama, kena ka masitokini, kena ka zolembera, n'kupatcha Street of Shops. Wogula ankayenda ngati ali mumsika waung'ono, koma msika wa anthu andalama. Ankalolanso kuti okonza zovala achinyamata afole pakhomo ndi katundu wawo m'manja, antchito ogulira sitoloyo katundu aone, chabwino achitenge. Stephen Burrows, mnyamata wakuda, anapatsidwa kashopu kakekake m'menemo mu 1970. Koma sitolo yomweyi inali ndi tsankho lake lomwe sinkabisa: inkasunga masaizi ang'onoang'ono okhaokha. Mayi wathupi lake ankangolowa kukagula mafuta onunkhira n'kutuluka ndi kathumba ka mizere yabulauni ndi yoyera. Mu 1980 Mayi Stutz anagula sitoloyo mothandizidwa ndi anthu a ndalama a ku Switzerland, mu 1985 inagulitsidwa kwa Leslie Wexner wa The Limited, ndipo chaka chotsatira iwo anali panja. Masamba amenewa amathamanga ngati mmene mwini nkhaniyo ankathamangira, ndipo ndi osangalatsa, ngakhale kuti mayina a anthu otchuka amachuluka mpaka ena umangowalumpha.

Nanga zofooka? Choyamba ndi kaluke ka nkhani. Amayi atatuwa sanagwire ntchito limodzi, ndipo nthawi zawo za upulezidenti zimangokhudzana kumapeto: pamene a Geraldine ankayamba, panali patapita zaka 17 a Hortense atatula pansi udindo, a Dorothy atatsala ndi zaka ziwiri za moyo. Mlembi amasinthanitsa nkhani zawo, n'kulowetsamo tinkhani tina pakati, ndiye nthawi zina umachotsedwa pa mphika usanapse. Ena mwa tinkhanito ndi abwino moti amakusiya ndi njala. Chitsanzo ndi Maggie Lena Walker wa ku Richmond, Virginia, mayi wakuda amene anayambitsa banki mu 1903, kenako mu 1905 n'kutsegula sitolo ya St. Luke Emporium kuti akazi akuda apeze ntchito ya pakauntala komanso malo ogula osanyozedwa. Amalonda achizungu anaithira nkhondo, ndipo inatsekedwa mu 1911. Ameneyu sanali woti angodutsa ngati mlendo wopempha madzi.

Chachiwiri n'chachikulu. Bukuli lachotsa amuna pampando n'kukhazikapo amayi, koma mpando ndi womwewo, wa muofesi yapamwamba. Akazi zikwizikwi amene ankaima pakauntala tsiku lonse miyendo kutupa, osoka m'zipinda zakumbuyo, operekera tiyi mu Bird Cage, malo odyera a Lord & Taylor kumene amayi ankapumulira atatopa ndi kugula, amatchulidwa ndithu, ndipo mlembi akudziwa kuti sitolo inali imodzi mwa malo ochepa omwe mkazi akanatha kukwera. Koma sitikhalitsa nawo. Ndipo munthu akamati wasowa sitolo yakale, sanena za pulezidenti wake, amene mwina sanamuonepo n'komwe. Amanena za mayi uja amene ankakumbukira saizi yake, ndi masangweji aja omwe agogo ake ankamugulira. Wofuna buku la fungo ndi zakudya, la kuti msuzi unali pamtengo wanji ndipo chikepe chinkaima pati, apeza zina koma sakhuta.

Ndikatero sindikuti musaliwerenge. Chingerezi chake n'chosavuta, cha mtolankhani, ndipo amene amayendetsa shopu, ngakhale ya chitseko chimodzi, apezamo zomwe amazidziwa kale koma sanazimvepo zikunenedwa za masitolo ansanjika khumi: kuti kuwala kwa mkati kumagulitsa, kuti kasitomala wodandaula ndi mlangizi waulere, kuti katundu wa kwanu amafuna womutchula dzina mosachita manyazi. Chimene ndalemekeza kwambiri n'chakuti mlembi sanalire maliro a masitolowa mopitirira. Akuonetsa kuti anayamba kufa pamene anakhala katundu wongogulitsana pakati pa makampani, eni ake atsopano akuwerengera mtengo wa malo m'malo mwa anthu olowa pakhomo. Intaneti inangopeza wodwala ali kale pamphasa. Mu Januwale 2019, mwezi umodzi womwewo, Henri Bendel inatseka, ndipo Lord & Taylor inatseka nyumba yake ya Fifth Avenue yomwe inatsegulidwa mu 1914. Nyumbayo lero ndi maofesi a Amazon.

Pakhomo la Bendel panali mlonda wotsegulira anthu chitseko, James Jarrett, amene aliyense ankamutcha Buster. Anaima pamenepo zaka makumimakumi, kuyambira nthawi ya Henri Bendel mwini wake mpaka nthawi ya Mayi Stutz, akudziwa kuti galimoto iyi ndi ya mayi uti, ndipo amene watsika naye lero ndi mwamuna wake kapena ayi. Nditatseka bukuli ndinakhala kanthawi ndikuganiza za miyendo yake, komanso zimene ankakamba madzulo akafika kunyumba n'kuvula nsapato.