Loweruka Usiku mu Jamaica Street

Mumzinda wa Glasgow, ku Scotland, muli msewu wotchedwa Jamaica Street umene umatsetserekera ku mtsinje wa Clyde. Mzindawu si wachilendo kwenikweni kwa wophunzira wa mbiri, pakuti kamudzi ka Blantyre, kumene adabadwira David Livingstone, kali pafupi nawo. Masana msewuwo ulibe chodabwitsa: mabasi, masitolo ndi anthu oyenda mwaliwiro pothawa mvula. Koma Loweruka, nthawi ikamayandikira 11 koloko usiku, pakhomo la nambala 22 pamayamba kundanda anthu. Khomolo limatsikira pansi pa nthaka, m'chipinda chovinira chotchedwa Sub Club. Chipindachi chidatsegulidwa m'chaka cha 1987, ndipo kuyambira mu 1994 mwakhala mukuchitika dansi ya Loweruka yotchedwa Subculture, motsogozedwa ndi amuna awiri, Harri ndi Domenic Cappello. Mu 2024 dansiyi idakwanitsa zaka 30. Mwana amene adabadwa usiku umene idayamba, lero ndi munthu wamkulu, mwinanso wapabanja pake.

Anthu ambiri achikulire akamva nyimbo zimene zimavinidwa m'chipindachi, zotchedwa house, amapukusa mutu n'kunena kuti limeneli ndi phokoso chabe. Mlandu wawo ndi womveka. Ng'oma yake ndi imodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mawu ndi ochepa, mwinanso osakhalapo n'komwe, ndipo woimba saoneka. Komabe phokoso chabe silingasonkhanitse anthu pamalo amodzi mlungu ndi mlungu kwa zaka 30. Chilipo chimene chimawakoka, ndipo chinthucho sichipezeka pomvera nyimbo imodzi pawailesi. Chimapezeka poyang'ana usiku wonse wathunthu, monganso buku siliweruzidwa ndi tsamba limodzi long'ambidwa pakati.

Nyimbo za house sizidabadwire ku Scotland. Kwawo ndi ku Chicago, m'dziko la America. M'chaka cha 1977 mnyamata wina wa ku New York, Frankie Knuckles, adayamba kuika mbale za nyimbo m'kalabu yotchedwa Warehouse, ndipo anthu ambiri amati dzina loti house lidachokera pa dzina la kalabuyo. Ovina ake ambiri adali amuna akuda amene m'malo ena achisangalalo ankasalidwa, pena chifukwa cha khungu lawo, pena chifukwa chokondana ndi amuna anzawo. Pamene nyimbo za disco zinkatha mphamvu pamsika, Knuckles ndi anzake adayamba kudula ndi kulumikiza nyimbo zakalezo patepi, kenaka n'kumawonjezapo kugunda kwa timakina toliza ng'oma monga Roland TR-909. Achinyamata osowa ndalama zolembera gulu la oimba adazindikira kuti ndi kamakina kotere akhoza kupanga nyimbo m'chipinda chawo chogona. Pofika mu Januwale 1987, nyimbo ya Steve "Silk" Hurley yotchedwa Jack Your Body idafika pa nambala 1 pamndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Chaka chomwecho ndi chimene Sub Club idatsegula khomo lake.

Kapangidwe ka nyimbozi n'kosavuta kukafotokoza. Ng'oma yaikulu imagunda kanayi kanayi mosaphonya, kawirikawiri ka 120 mpaka 130 pa mphindi imodzi, liwiro lofanana ndi mapazi a munthu amene akuyenda mofulumira. Pamwamba pa kugundako amasanjikapo besi, kuwomba m'manja, timawu tothetheka ngati chisekese, ndi kachidutswa ka limba kapena ka mawu a munthu kobwerezabwereza. Zinthuzi sizilowa nthawi imodzi. China chimalowa pakadutsa magulu 8 kapena 16 a kugunda kuja, china chimachoka, kotero kuti khutu lozolowera limadziwiratu pamene kusintha kukubwera, ndipo thupi limakhala likudikira.

Wofika msanga ku Subculture amapeza chipinda chili pululu. Denga lake ndi lalifupi moti munthu akatambasula dzanja amalikhudza, kuwala n'kochepa, ndipo chikadzaza chimalandira anthu pafupifupi 400 okha. Kulibe gulu la oimba. Alipo DJ, munthu amene ntchito yake ndi kusankha nyimbo zojambulidwa kale ndi kuzilumikiza. Ola loyambali, pamene ovina ali owerengeka, ndi limene limaonetsa mmisiri weniweni. Wosadziwa ntchito amayamba ndi nyimbo zaukali kuti anthu amutame, ndipo pofika pakati pa usiku amakhala atatha zonse za m'thumba. Harri ndi Domenic adatchuka ndi kudekha. Amayamba ndi nyimbo zofatsa, zozama, zoti munthu akhoza kucheza ndi mnzake uku phazi likugunda lokha osalituma. Amene alowa atanyowa ndi mvula amapatsidwa mpata wovula jekete, wopeza anzake, wozolowera mdima. Sakokedwa ndi dzanja kuti avine. Amangozindikira kuti wayamba kale.

Luso la m'manja lili pa kulumikiza. Pamene nyimbo ina ikulira kwa anthu, DJ amakhala akumvera yotsatira payekha pa mahedifoni, khutu limodzi lili kuno, lina lili uko. Amawonjezera kapena kuchepetsa liwiro la yatsopanoyo kufikira ng'oma ziwirizo zigundira pamodzi, kenaka amailowetsa pang'onopang'ono pansi pa inzake ija. Kwa kanthawi nyimbo ziwiri zimayenda pamodzi n'kubala yachitatu imene palibe adaijambulapo, ndipo yakale ija imazimirira wovina osadziwa kuti yapita liti. Akaphonya pang'ono, aliyense amamva, chifukwa zimalira ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi amene misi yawo yayamba kuombana. Akakhoza, ng'oma siileka kuyambira potsegula mpaka potseka. Makina amasiku ano akhoza kufananitsa okha liwiro la nyimbo ziwiri, ndipo ena amati pachifukwachi ntchito ya DJ idatha. Amene amatero sadamvetse ntchitoyo. Makina sadziwa kuti nyimbo yoyenera 12 koloko ndi yosayenera 2 koloko.

Munthu amene adaonererapo gule wamkulu amadziwa kuti woimba mbalule sayang'ana ng'oma yake. Maso ake amakhala pa mapazi ndi m'chiuno mwa wovina, ndipo ng'omayo imayankha zimene thupi lanena. DJ wabwino amachita chimodzimodzi, kungoti iye amayang'ana matupi mazana anayi. Akaona mapewa ayamba kugwa, amaika nyimbo ya mawu a munthu yotsitsimutsa mtima. Akaona anthu ayamba kuthamangira patsogolo pa nyimbo, amawabweza ndi ina youma, ya ng'oma zokhazokha. Kotero wolemba nkhani ya usikuwo si DJ yekha ayi; ovina nawo amalembako.

Nthawi ikapitirira 1 koloko chipinda chimakhala chitadzaza, makoma akuchita thukuta. Apa ndi pamene chida champhamvu koposa cha nyimbozi chimaonekera, ndipo chidacho ndi kumana. Ng'oma yaikulu imene yakhala ikugunda kwa maola awiri imachotsedwa mwadzidzidzi. Patsala limba lokha, kapena liwu limodzi lokokeka. Anthu amaima ngati ayenda n'kupeza mlatho palibe. Mikono imakwera, malikhweru amayamba, ndipo ng'oma ikabwerera chipinda chonse chimaphulika. Anthu a ku Glasgow ali ndi chizolowezi chomenya denga lalifupi lija ndi zikhatho posonyeza kuti nyimbo yawafika pamtima. Kuyambira mu 2006 pansi povinirapo padaikidwa zipangizo zonjenjemeretsa, kotero kuti besi imamvekera ku mapazi isanafike kukhutu. Amene amanena kuti nyimbozi ndi zobwerezabwereza akunena zoona, koma kubwerezako ndiko kumapangitsa kuti kusintha kwakung'ono kukhale kwakukulu. Ng'oma ikadapanda kugunda maola awiri, kusowa kwake kwa mphindi imodzi sikukadatanthauza kanthu.

Funso lalikulu ndi lakuti n'chifukwa chiyani zimenezi zimatheka bwino pano kusiyana ndi malo ena ambiri a ndalama zochuluka. Masiku ano malonda a nyimbozi adatsamira pa DJ wotchuka amene amakwera ndege, n'kuimba maola awiri mumzinda umene sakuudziwa, m'mawa mwake n'kukaimbanso nyimbo zomwezo kwina. Akuluakulu adati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo Sub Club nayo yalandirapo alendo omveka monga Derrick Carter wa ku Chicago ndi Carl Craig wa ku Detroit. Koma mlendo sadziwa zimene anthu adavina Loweruka lapitalo. Sangayerekeze kuika nyimbo yachilendo, yovuta, imene imafuna kumvedwa katatu isanakondedwe, chifukwa iye ali ndi usiku umodzi wokha woti adzionetse. DJ wokhazikika ali ndi milungu yonse ya pachaka. Akhoza kudzala nyimbo lero n'kudzakolola patapita mwezi. Akhoza kufukula mbale imene adaiika komaliza zaka khumi zapitazo, podziwa kuti m'chipindamo muli ena amene adzaikumbukira ndi ena amene adzaiyesa yatsopano. Ovina nawo amamulola kulakwa, popeza amadziwa kuti sadzawasiya m'tchire. Kukhulupirirana kotereku sikugulidwa, ndipo ndiko chuma chenicheni cha Subculture.

Umboni wake udaoneka pa nthawi ya mavuto. M'chaka cha 1999 moto udabuka m'nyumba yoyandikana nayo ndipo Sub Club idatsekedwa mpaka mu 2002. Dansi ya Loweruka sidafe. Idasamukira m'malo obwereka kufikira chipinda chake chitakonzedwa. Mliri wa Covid-19 udatsekanso makalabu a ku Scotland kuyambira mu Malichi 2020 mpaka mu Ogasiti 2021, ndipo khomo litatsegulidwa, mzere udabwerera.

Zofooka zilipo, ndipo sizibisika. Choyamba ndi umphawi wa mawu. Munthu amene adaleredwa ndi nyimbo zolangiza, zodzudzula mfumu kapena zolira maliro adzatuluka m'chipindachi wopanda chiganizo chimodzi choti akachilingalire panjira. Nyimbo za house zimadziwa kukweza mtima, koma sizinena kuti mtimawo ukakwera upite kuti. Woziteteza akhoza kuyankha kuti ng'oma nayo ilibe mawu, ndipo yankholo ndi loona pang'ono chabe, pakuti ng'oma ya pabwalo kawirikawiri imayenda ndi nyimbo ya amayi imene imasenza nkhani.

Kukhalitsa nakonso kuli ndi msampha wake. Tsabola wakale sawawa. Dansi ya zaka 30 ikhoza kusanduka mwambo wongokumbutsa anthu unyamata wawo, DJ n'kumaika zimene akudziwa kuti sizingakanidwe. Chimene chimapulumutsa usiku ngati uwu ndi chakuti ovina amasinthika: ophunzira atsopano amafika mumzinda chaka ndi chaka, ndipo iwowa saombera m'manja mbiri ya munthu. Ngati nyimbo siikuwagwira, amapita kukaima panja.

Palinso mtengo umene thupi limalipira. M'chaka cha 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti m'malo achisangalalo mawu asamapitirire madesibelo 100, chifukwa tizigawo ta m'kati mwa khutu tikaonongeka sitimeranso. Kulira kwa m'makutu kumene munthu amapita nako kunyumba ndi chenjezo, osati chikumbutso cha usiku wokoma. Komanso mbiri ya nyimbozi ku Britain idalukana ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa ecstasy, makamaka kuyambira cha m'ma 1988, ndipo achinyamata ena adataya nawo miyoyo. Boma lidachita mantha ndi madansi a patchire a nthawi imeneyo, moti mu 1994, chaka chimene Subculture idayamba, Nyumba ya Malamulo ya ku Britain idapatsa apolisi mphamvu zobalalitsa misonkhano yotere. Lamulolo lidafika pofotokoza nyimbo zake kuti ndi za kugunda kobwerezabwereza, ngati kuti mlandu udali wa ng'oma. Kumeneko kudali kuphonya. Mankhwala ndi vuto lenileni, koma luso lolumikiza nyimbo silidalira iwo, ndipo munthu amene wazunguzika mutu ndi amene samva n'komwe kayalidwe ka usiku kamene DJ wakhetsera thukuta.

Chodandaulitsa china ndi kuiwalika kwa eni ake. Nyimbo zimene zidayamba ndi anthu akuda osalidwa zidalemeretsa kwambiri anthu ena a ku Ulaya, ndipo wovina wamba sadziwa kuti Frankie Knuckles, amene adamwalira mu 2014, adali yani. Pamenepa dansi yokhalitsa ili ndi mwayi woposa zikondwerero zikuluzikulu, chifukwa DJ amene adayamba kugula mbale za ku Chicago ndi Detroit zikadali zatsopano amaziikabe pakati pa zamakono, ndipo wofunsa amauzidwa dzina. Nyimbozi zidafikanso ku Africa n'kuphuka mwa njira yake: ku South Africa zidabala kwaito ndi amapiano, ndipo Black Coffee wa kumeneko adalandira mphoto ya Grammy mu 2022. Wophunzira amene amamva amapiano m'minibasi ya ku Lilongwe akumva mdzukulu wa ng'oma ya ku Warehouse, ngakhale akumva kachidutswa chabe, kodulidwa pamene kondakitala wafuna.

Cha m'ma 3 koloko, mwina kupitirirapo, DJ amaika nyimbo yomaliza. Kawirikawiri siikhala yaukali. Imakhala ya limba ndi mawu a munthu, yoti anthu otopa ayang'anane n'kumwetulira. Magetsi amayaka, ndipo chipinda chimene chimaoneka chopanda malire chija chimabwerera kukhala kachipinda kakang'ono ka pansi ponyowa. Ena amamenya denga kupempha ina imodzi. Alonda a pakhomo amayamba kulondolera anthu ku masitepe, ndipo khamulo limatulukira m'mphepo ya mu Jamaica Street, ena kukasaka matakisi, ena kukaima pamzere wa tchipisi.