Pressburger ndi Mjeremani Wace

Emeric Pressburger anali Myuda wa ku Hungary amene anathawa cipani ca Nazi, nafika ku Britain m'caka ca 1935. Iye analemba nkhani, mnzace Michael Powell nazijambula. Mbiri inatsata Powell, koma mtima wa nchito yao unali wa mlembiyo. M'caka ca 1943, nkhondo iri m'kati, anaturutsa kanema wochedwa The Life and Death of Colonel Blimp, m'mene munthu wozindikira koposa onse ndiye Theo, msilikari wa Cijeremani. Winston Churchill anaipidwa nazo, nayesa kumletsa. Kanemayo ngwotalika, penapace acedwa ndithu. Koma pamene Theo afotokoza cifukwa cosiyira dziko lace, ana ace atasanduka Anazi, liu limene limveka ndi la Pressburger mwini, amene Angerezi anamuwerengera pamodzi ndi alendo a kwa adani.